KUSANKHA MAFUTA OKAZINGIRA PA MOTO WAUKULU

Alimi anzathu, mtedza, mpendadzuwa, soya ndi thonje zimene mumapereka ku msika ulendo wake suthera pa sikelo. Gawo lalikulu limapita ku mafakitale ofinya mafuta, ndipo pakapita miyezi limabwerera kwa inu lili m'botolo, pa mtengo umene nonse mukuudziwa. Pakhomo pamene mayi amakazinga mandasi kapena zitumbuwa zogulitsa, kapena pamene mnyamata ali ndi chiwaya cha tchipisi pa msika, mafuta ndiwo amadya mpamba kwambiri. Akakhala osayenera moto waukulu amapsa msanga, chakudya chimada ndi kuwawa, ogula amapita kwa mnzanu, ndipo amene adya chakudyacho amadya pamodzi ndi zinthu zoononga thupi.

Mfundo ya nkhani ino ndi imodzi. Pa moto waukulu thirani mafuta oyeretsedwa ku fakitale, ndipo musawalole kufuka utsi. Mafuta ofinya pamudzi ndi abwino, koma malo ake ndi m'ndiwo zophika pa moto wochepa. Tsono tiyeni tione chifukwa chake.

KUTENTHA KWA M'CHIWAYA

Madzi amawira akafika madigiri 100, ndipo kumtunda monga ku Lilongwe ndi ku Dedza amawira asanafike n'komwe pamenepo. Ngakhale musonkhezere nkhuni zochuluka bwanji, madzi sapitirira mlingo umenewu. Mafuta sali choncho. Iwo amangotentherabe malinga ngati moto ulipo.

Kukazinga kumene chakudya chimamira m'mafuta, monga mandasi, tchipisi, chinangwa kapena chambo chathunthu, kumafuna madigiri 170 mpaka 190. Pa kutentha kotere madzi a m'chakudya amasanduka nthunzi ndi kutuluka mwamphamvu, ndipo ndiwo thovu ndi phokoso limene mumamva mukangoponya chakudya m'chiwaya. Nthunzi yotulukayo imatchinga mafuta kuti asalowe kwambiri. Kunja kwa chakudya kumauma ndi kufiirira, m'kati mukupsa bwino.

Mafuta akakhala osatentha mokwanira nthunzi imachepa mphamvu, ndipo mandasi amamwa mafuta ngati chinkhupule. Apo mwataya ndalama. Akatentha kupitirira madigiri 200, kunja kumapserera m'kati muli mwauwisi. Motero mafuta okazingira ayenera kukhala otha kufika madigiri 190 ndi kukhalapo nthawi yaitali osaonongeka.

UTSI NDI CHENJEZO

Mtundu uliwonse wa mafuta uli ndi mlingo wa kutentha umene umayambira kufuka utsi wopyapyala wobiriwira. Utsi umenewu si nthunzi. Ndi chizindikiro chakuti mafutawo ayamba kuphwasuka. Mwa zinthu zimene zimatuluka pamenepo muli mpweya wotchedwa acrolein, umene umalasa m'maso ndi kukanda pakhosi. Amene anaimapo pafupi ndi chiwaya chopserera akuudziwa.

Milingo imene mafuta atsopano amayambira kufuka ili motere, mongoyerekeza, popeza imasiyanako malinga ndi kayeretsedwe:

Mafuta oyeretsedwa a mtedza, mpendadzuwa, soya ndi kanjedza: pafupifupi madigiri 230.
Mafuta oyeretsedwa a njere za thonje: madigiri 215 kapena kupitirirapo.
Mafuta a nkhumba osungunula: pafupifupi madigiri 190.
Mafuta a mtedza ofinya chabe, osayeretsa: pafupifupi madigiri 160.
Batala: madigiri 150 mpaka 175.

Taonani bwino manambalawa. Mafuta oyeretsedwa amakusiyirani mpata wa madigiri 40 kapena 50 pamwamba pa kutentha kokazingira, choncho moto ukakula pang'ono sapsa. Koma mafuta a mtedza osayeretsa amayamba kufuka asanafike n'komwe pa kutentha kumene mandasi amafuna. Mbeu ndi yomweyo, kusiyana kuli pa kuyeretsa.

OYERETSEDWA NDI OFINYA PAMUDZI

Mukafinya mpendadzuwa kapena mtedza pa makina a pamudzi, mafuta amatuluka pamodzi ndi tizinyenyeswa ta mbeu, zinthu zonanda ngati ulimbo, madzi pang'ono, ndi timagawo ta mafuta tosweka kale timene akatswiri amati asidi womasuka. Zimenezi ndizo zimayamba kupsa mafuta akakhala pa moto. Ku fakitale amazichotsa m'magawo anayi. Amatsuka mafuta ndi madzi kuchotsa zonanda zija, amathira soda kuchotsa asidi, amasefa ndi dongo lapadera kuchotsa mtundu, kenaka amapyoletsa nthunzi yotentha kwambiri kuchotsa fungo. Zotsatira zake ndi mafuta oyera mbee, opanda fungo, opirira moto.

Izi sizitanthauza kuti mafuta ofinya pamudzi ndi achabe. Ali ndi fungo lokoma la mbeu yake, ali ndi vitamini E, ndipo mlimi amene wafinya mbeu yake sanapereke ndalama kwa wina. Athireni m'nyemba, m'ndiwo zamasamba, m'phala la ana. Mungakazingirenso tomato, anyezi, mazira kapena usipa pa moto wofatsa. Musanawagwiritse ntchito asiyeni masiku angapo m'chigubu chotseka kuti nsenga zikhale pansi, kenaka tsanulani apamwamba ndi kusefa pa nsalu yoyera. Mukatero adzachedwerako kufuka. Koma m'chiwaya chimene chimakhala pa moto kuyambira m'mawa mpaka madzulo musawathiremo, chifukwa adzada tsiku lisanathe.

MBEU ILIYONSE NDI KHALIDWE LAKE

Kuchedwa kufuka si muyeso wokhawo. Muyeso wachiwiri ndi kupirira, ndiko kunena kutalika kwa nthawi imene mafuta angakhale pa moto mpweya usanawaononge. Mafuta onse anapangidwa ndi timagawo tokhala ngati tizingwe. Tizingwe tina tilibe malo ofooka, tina tili ndi malo amodzi, tina awiri, tina atatu. Mpweya umalowerera pa malo ofookawo, ndipo kutentha kumafulumizitsa ntchitoyo. Mafuta okhala ndi malo ofooka ambiri ndiwo amafulumira kuda, kunanda ndi kununkha.

Mtedza. Njere ya mtedza ili ndi mafuta magawo 45 mpaka 50 pa 100 alionse, ndipo mitundu ina, monga CG7, imatulutsa mafuta ambiri kuposa Chalimbana. Pafupifupi theka la mafuta a mtedza ndi la tizingwe ta malo ofooka amodzi okha. N'chifukwa chake mafuta a mtedza oyeretsedwa ali m'gulu la mafuta abwino koposa okazingira. Vuto lake ndi mtengo, pakuti mtedza uli ndi misika ina yambiri.

Mpendadzuwa. Mitundu ya njere zakuda yolimidwira mafuta imakhala ndi mafuta pafupifupi magawo 40 pa 100. Mafuta ake oyeretsedwa amachedwa kufuka, koma magawo pafupifupi 60 pa 100 ndi a tizingwe ta malo ofooka awiri. Choncho ndi abwino kukazingira pakhomo, pamene chiwaya chikhala pa moto kanthawi kochepa, koma salimba kuwatenthetsa mobwerezabwereza masiku ambiri.

Soya. Ali ndi mafuta ochepa, magawo 18 mpaka 20 pa 100, ndipo phindu lake lalikulu lili m'zotsala zake zodyetsa ziweto. Mafuta a soya ali ndi magawo pafupifupi 7 pa 100 a tizingwe ta malo ofooka atatu. Akakhalitsa pa moto amayamba kumveka kafungo konga ka nsomba ngakhale simunakazingemo nsomba. Pophikira ndiwo ndi pokazinga kamodzi kapena kawiri alibe vuto.

Thonje. Mafuta a njere za thonje oyeretsedwa amakazinga bwino ndipo amapirira. Koma chenjerani: njere ya thonje ili ndi poizoni wotchedwa gossypol, amene amachoka pokhapokha mafuta atayeretsedwa ku fakitale. Ku China kunapezeka kuti m'midzi imene anthu ankaphikira mafuta a thonje osayeretsa amuna ambiri ankalephera kubereka, mwakuti m'zaka za m'ma 1970 akatswiri a kumeneko anayesa gossypol ngati mankhwala olera a amuna. Musafinye njere za thonje pamudzi kuti mudye mafuta ake. Kumbukiraninso kuti mbeu yogulidwa kuti mubzale, kaya ya thonje, mpendadzuwa kapena mtedza, kawirikawiri imakhala yothiridwa mankhwala, ndipo siyenera kufinyidwa.

Kanjedza. Mafuta ambiri a mtengo wotsikirapo amene pa botolo amalembedwa kuti vegetable oil kapena palm olein ndi a kanjedza wa mafuta, kapena osakaniza ndi iwo. Maiko a Indonesia ndi Malaysia ndiwo amatulutsa magawo oposa 80 pa 100 a mafuta amenewa pa dziko lonse. Ali ndi malo ofooka ochepa kwambiri, motero m'chiwaya cha tsiku lonse palibe owaposa. M'miyezi yozizira ya June ndi July amatha kuchita mbuu kapena kugwirana pansi pa botolo. Kumeneko si kuonongeka, akatenthedwa amasungunuka. Komabe pafupifupi theka la mafutawa ndi la mtundu wogwirana, umene ukachuluka m'chakudya umakweza mafuta oipa m'magazi ndi kuonjezera chiopsezo cha matenda a mtima. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO limalangiza kuti mafuta a mtundu umenewu asapitirire magawo 10 pa 100 a mphamvu imene munthu amapeza m'chakudya. Tsono a kanjedza akhale a m'chiwaya, koma m'ndiwo za banja za tsiku ndi tsiku kondani a mpendadzuwa, soya kapena mtedza. Mafuta ofiira a kanjedza osayeretsa, amene ku Karonga amawatcha mawese, ali ndi zinthu zimene thupi limasandutsa vitamini A, koma moto waukulu umaziononga. Iwonso ndi a m'ndiwo.

Batala ndi majarini. Izi zili ndi madzi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu kapena asanu ndi limodzi, choncho zimathetheka ndi kupsa msanga. Zisiyeni zikhale zopaka pa buledi ndi zophikira makeke.

KUKAZINGA KOTAKASA

Pali kakazingidwe kena kamene kanachokera ku China. Wophika amadula nyama ndi masamba tizidutswa ting'onoting'ono, amatenthetsa kwambiri chiwaya chakuya chozungulira chotchedwa wok, amathira mafuta supuni ziwiri kapena zitatu, ndipo amakazinga uku akutakasa mosalekeza kwa mphindi zochepa chabe. Chitsulocho chimatentha kupitirira madigiri 200. Kum'mwera kwa China ambiri amakonda mafuta a mtedza pa ntchito imeneyi.

Njirayi ingathandize pakhomo panu pokazinga kabichi, repu, tchainizi, zitheba kapena nyama yofewa, chifukwa imadya mafuta ochepa ndi nkhuni zochepa, ndipo masamba sataya mtundu wake. Pano mafuta sakhalitsa pa moto, motero kupirira kulibe kanthu kwenikweni. Chofunika ndi kuchedwa kufuka, ndipo mafuta alionse oyeretsedwa akwanira. Konzerani zonse pafupi musanayambe. Tenthetsani chiwaya chili chouma, thirani mafuta, ndipo ponyani chakudya nthawi yomweyo mafuta asanafuke. Masamba akhale okhetsedwa madzi, ndipo musadzaze chiwaya, chifukwa chakudya chikachuluka chimatulutsa madzi ndi kuyamba kuwira m'malo mokazingika. Ngati mufuna fungo la mafuta anu ofinya pamudzi, kapena la chitowe, thirani pang'ono mutaphula kale.

KUDZIWA KUTENTHA POPANDA CHOYEZERA

Ambiri a ife tilibe choyezera kutentha, koma maso akwanira. Viikani nsonga ya mthiko wouma m'mafuta. Ngati timathovu tating'ono tikutuluka mosalekeza kuzungulira mtengowo, mafuta akonzeka. Kapena ponyani kachidutswa ka ufa wokanda wa mandasi. Kakamira ndi kukhala pansi, mafuta sanatenthe. Kakamira ndi kubwerera pamwamba posachedwa kali ndi thovu, yambani kukazinga. Kakada nthawi yomweyo, phulani nkhuni zina ndipo dikirani.

Tchipisi ndi mandasi ziphulidwe zikadali zofiirira pang'ono, zisanade. M'chaka cha 2002 akatswiri a ku Sweden anapeza kuti zakudya monga mbatatesi zikakazingidwa pa moto waukulu zimapanga chinthu chotchedwa acrylamide, chimene chimaganiziridwa kuti chingayambitse khansa, ndipo chimachuluka chakudya chikamada.

KUBWEREZA MAFUTA

Palibe wogulitsa amene angataye mafuta tsiku lililonse, ndipo sitikunena kuti muzitero. Koma dziwani kuti nthawi iliyonse mafuta akatenthedwa amaonongekako, ndipo mlingo wake wofukira umatsika. Kuti akhalitse chitani izi:

1. Umitsani mbatatesi, chinangwa kapena nsomba pa nsalu yoyera musanaponye m'chiwaya. Madzi amaphwanya mafuta.
2. Thirani mchere mutaphula, osati pamwamba pa chiwaya.
3. Vuulani zinyenyeswa nthawi ndi nthawi. Zikatsala zimapserera ndi kudetsa mafuta onse.
4. Pamene palibe ogula chepetsani moto. Mafuta otentha opanda chakudya amaonongeka msanga.
5. Madzulo asiyeni azizire, asefeni pa nsalu, ndipo asungeni m'chotengera chotseka. Tsukani chiwaya ndi kuchiumitsa, popeza dzimbiri nalonso limafulumizitsa kuonongeka.
6. Mafuta a nsomba akhale paokha, a mandasi paokha.

Mafuta atha ntchito mukaona chimodzi mwa izi: ada bii, alemera ndipo akunanda ngati uchi, akuchita thovu losaphwa lokwera m'mbali mwa chiwaya, akufuka moto usanakule, kapena akununkha ndi kuwawa pa lilime. Ku France lamulo limaletsa kukazingira mafuta amene magawo oposa 25 pa 100 aonongeka, ndipo oyendera malo odyera amayeza ndi makina. Ife tiyeze ndi maso, mphuno ndi chikumbumtima, pokumbukira kuti ambiri ogula mandasi ndi tchipisi ndi ana a sukulu. Kuthira mafuta atsopano pamwamba pa akuda sikuchiritsa akudawo, kumangoononga atsopano. Mafuta otha ntchito musawathire m'ndiwo. Mungapangire sopo kapena kukolezera moto.

POGULA NDI POSUNGA

Werengani mau olembedwa pa botolo. Funani mau akuti refined, amene akutanthauza kuti mafutawo ndi oyeretsedwa. Onani tsiku lothera mphamvu, chizindikiro cha bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards, ndi mau osonyeza kuti muli vitamini A, amene amathandiza maso ndi kuteteza ana ku matenda. Kuwala kwa dzuwa kumaononga vitamini ameneyu pamodzi ndi mafuta omwe. Choncho mafuta oyezera m'timachubu kapena m'mabotolo amene akhala pa benchi padzuwa tsiku lonse ndi otsika mphamvu, ndiponso simungadziwe kumene achokera. Ngati ndalama ndi zochepa, ndi bwino mabanja angapo kusonkherana kugula chigubu chotseka ndi kugawana.

Mafuta a mtengo wotsika modabwitsa, opanda dzina, okhala ndi fungo lachilendo, akaneni. Mafuta a m'makina ndi a m'matiransifoma a magetsi si chakudya, ndi poizoni, ngakhale ataoneka oyera.

Inu matenanti a m'maesiteti ndi alimi a fodya ndi thonje, tamverani izi. Botolo kapena chigubu chimene munali mankhwala ophera tizilombo, opopera mphukira za fodya kapena oviikira ziweto chisalowe m'khitchini, ngakhale mutachitsuka kangati. Mankhwala ambiri otere amalowerera m'pulasitiki ndipo amasungunuka mosavuta m'mafuta. Sungani mafuta m'chotengera chake chomwe, chotseka bwino, pamalo ozizira ndi amdima, kutali ndi moto.

CHIWAYA CHIKAYAKA

Mafuta akapitirira kufuka ndi kufika madigiri oposa 300 amatha kugwira moto, makamaka malawi a nkhuni akamanyambita m'mbali mwa chiwaya. Zikatero musathire madzi. Lita imodzi ya madzi imasanduka malita pafupifupi 1,700 a nthunzi, ndipo nthunziyo imamwaza mafuta oyaka pa anthu ndi pa denga. Vundikirani chiwaya ndi chivundikiro chachitsulo kapena lata, phulani nkhuni, ndipo musavundukule kapena kunyamula mpaka chitazizira. Musadzaze mafuta kupitirira theka la chiwaya, ndipo ana asasewere pafupi.

MAFUTA ABWINO AMAYAMBIRA KUMUNDA

Mau otsiriza ndi a inu olima mbeu. Mbeu yosauma bwino, yosweka kapena yokhalitsa pachinyontho imatulutsa mafuta okhala ndi asidi wambiri, amene amafuka msanga. Choopsa koposa ndi chuku. M'chaka cha 1960 ku England nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa zitadya chakudya chokhala ndi zotsala za mtedza wochokera ku Brazil, ndipo pofufuza imfa zimenezi ndi pamene poizoni wa chuku wotchedwa aflatoxin anadziwika. Poizoni ameneyu amaononga chiwindi ndi kuyambitsa khansa, ndipo kuphika kapena kukazinga sikumuthetsa. Kuyeretsa kwa ku fakitale kumachotsa wambiri, koma m'mafuta ofinya pamudzi angathe kutsalamo, ndipo m'zotsala zodyetsa ziweto ndimo amachuluka.

Pali chizolowezi chogulitsa mtedza wabwino ndi kusunga wonyala, wofumbwa ndi wakuda kuti ukhale wa nsinjiro kapena wofinya mafuta a pakhomo. Chizolowezi chimenechi chitheretu, chifukwa mtedza wotere ndi umene umakhala ndi chuku wambiri. Kumbani mtedza pa nthawi yake, uumitseni bwino osauyala pa dothi lachinyontho, musaunyowetse ndi madzi kuti usavute kuswa, ndipo sankhani musanafinye monga mumasankhira musanapite ku msika. Mpendadzuwa nawo uume bwino ndi kupetedwa usanalowe m'thumba.

Ngati gulu lanu likuganiza zogula makina ofinyira mafuta, kambiranani ndi alangizi a zaulimi a m'dera lanu za mitundu ya mbeu yoyenera, kaumitsidwe ndi kasefedwe, ndipo funsani a zaumoyo ndi a miyezo zimene zimafunika musanayambe kugulitsa mafutawo kwa anthu.